Antena ya horn ya 1 mpaka 18 GHz: nyenyezi zinayi, koma funsani bwino za satifiketi

Tinagula antena imeneyi chaka chatha titangosintha masiponji osongoka a m'makoma a chipinda chathu cha anechoic (choyezeramo ma antena, chomwe makoma ake sabweza mafunde a wailesi), poti akale anali atayamba kuyoyoka nsonga. Chipinda chikakhudzidwa chonchi, manambala ake sungawakhulupirire kufikira utayezamo antena yomwe khalidwe lake ukulidziwa kale. Zili ngati wa butchala akamayesa sikelo ndi mwala wa kilo imodzi. Mwala wathu ndi horn iyi, antena yooneka ngati lipenga, yokhala ndi mizere iwiri yachitsulo m'kati.

Pa kapangidwe palibe chodandaula. Ndi yolimba, inabwera m'bokosi lake la thovu, ndipo pomangira pali zizindikiro zothandiza kuibwezera pamalo omwewo tsiku lililonse. Zimenezi si zachibwana. Antena yoyezera ikangopindika pang'ono, satifiketi yake, ija yolembapo manambala omwe anapeza poiyeza, yasanduka pepala wamba. N'chifukwa chake a Technical University of Denmark ndi ESA (bungwe la ku Ulaya loona za mlengalenga) anavutika kupanga VAST12, antena ya 12 GHz yosasintha ndi kutentha kapena ikatembenuzidwa, yomwe malabu osiyanasiyana ayezapo pofuna kufananitsa zotsatira zawo. Yathuyi siyifika pamenepo, koma m'miyezi yonseyi sinasinthe.

Inatithandiza sabata yoyamba yomwe. Gain (muyeso wa momwe antena imalunjikitsira mphamvu mbali imodzi) imene tinkapeza inkasiyana ndi ya pa satifiketi ndi pafupifupi 1 dB, ndipo mzere wake pa galafu unkachita mafunde. Ine ndinathamangira kunena kuti omata masiponji alakwitsa. Ayi ndithu, vuto linali kebulo yodutsa pa chozungulitsira antena, yomwe inali itatopa ndi kupindidwa. Titaika ina n'kumanga ndi sipanala ya torque (yomanga pa mphamvu yoyezedwa), mafunde aja anatha. Pakadapanda antena yodziwikayi, bwenzi tikupatsa makasitomala manambala olakwika, ife tili chikhulupirire.

Nyenyezi yachisanu ndawamana ogulitsa chifukwa cha mapepala. Tinapempha gain ya far field (yoyezedwa patali, pomwe mafunde akhazikika), iwo anatumiza muyeso wina wotchedwa antenna factor, woyezedwa pa mita imodzi, uja amagwiritsa ntchito anzathu a EMC, oyeza ngati zida zamagetsi zikusokonezana. Ziwirizi n'zosiyana. Kukamwa kwa horn yotere n'kwa masentimita pafupifupi 24, ndiye mukawerengera mtunda womwe far field imayambira (2D²/λ, D ndi kukula kwa kukamwako, λ ndi utali wa funde) pa 18 GHz mupeza mamita pafupifupi 7. Pa mita imodzi mafunde amakhala asanakhazikike n'komwe. Tinalemberana makalata kwa milungu ingapo, kenako tinalipiranso labu ina yovomerezeka pa ISO/IEC 17025 (muyezo wa malabu oyeza zinthu) kuti iiyeze momwe tinkafunira. Mwina nanenso ndinalemba oda mosamveka, koma wogulitsa zida zotere akanayenera kufunsa.

China n'chakuti musaidalire kwambiri antenayi mukadutsa 12 GHz. Ma horn a mtundu wakalewu amadziwika kuti kumtunda kumeneko mphamvu siyipitanso molunjika kutsogolo, imagawikana, pakati n'kutsala kadzenje. Yathu imachitanso zomwezo, moti mukaipendeketsa pang'ono chabe nambala yasintha. Kumeneko timabwereka standard gain horn, yomwe imagwira mafrikwense ochepa koma gain yake imawerengeka kuchokera ku miyeso ya chitsulocho.

Komanso kwa inu oyeza mafoni ndi zida za Wi-Fi motsata malamulo a CTIA (bungwe la makampani a mafoni ku America), iyi siyilowa m'malo mwa ma antena a sleeve dipole ndi loop omwe amafunika pa ripple test, yoyeza mafunde obwerera kuchokera m'makoma a chipinda. Horn imaona mbali imodzi, pomwe inu mukufuna kudziwa zomwe makoma onse akubweza.

Panopa imakhala m'kabati yokhoma, ndipo ana asukulu obwera kudzaphunzira ntchito saigwira. Imatuluka pakakhala kuti tasintha kebulo, tasuntha chozungulitsira, kapena kasitomala akutsutsa zotsatira. Mwezi wa mawa ikupitanso kukayezedwa, ndipo pa oda ndalemba mtunda ndi mtundu wa gain m'zilembo zikuluzikulu.