Packet Tracer kapena GNS3: uyambe ndi iti pa kosi ya netiweki?

Semesita ya netiweki ikangoyamba pa Mzuni, funso limakhala lomwelo m'mahositelo ndi m'nyumba za lendi za ku Luwinga: pa laputopu tiike Packet Tracer kapena GNS3? Ine ndagwiritsapo ntchito mapulogalamu onse awiri, amene ndi oyeserera kumanga netiweki pa kompyuta, ndipo anzanga, ndinene poyera kuti amene akungoyamba kumene atenge Packet Tracer.

Pulogalamuyi ndi ya kampani ya Cisco, ndipo ndi yaulere ukalembetsa pa Cisco Networking Academy. Imafuna kuti ulowe mu akaunti yako, koma ntchito yolumikiza ma rauta ndi ma switch (zipangizo zolumikizira makompyuta pa netiweki) siidya bandulo. Laputopu ya RAM ya 4GB, imene ambiri tinagula ya kaunjika, imanyamula bwinobwino netiweki yaing'ono ya m'kalasi. Magetsi akazima madzulo, batire limakufikitsa kumapeto a asayimenti.

Koma chimene ndimaikondera kwenikweni ndi Simulation Mode. Ukatumiza ping (kauthenga koyesa ngati kompyuta ina ikuyankha) kuchokera pa kompyuta imodzi kupita pa ina, uthenga umaoneka ngati kaenvelopu koyenda pa chingwe, ndipo umatha kukaimitsa paliponse n'kuona zamkati. Apa m'pamene ARP, njira imene chipangizo chimafunsira MAC address ya chinzake, inandilowa m'mutu. Aphunzitsi anali atafotokoza kale kuti kompyuta siingatumize kanthu isanadziwe MAC address ya mnzake (nambala yozindikiritsa khadi yake ya netiweki), ine n'kulemba m'kope osamvetsa. Tsiku lina ndinaona ping yoyamba yodutsa pa rauta ikulephera pomwe zitatu zotsatira zikudutsa. Nditatsatira kaenvelopu kaja ndinapeza kuti rauta inataya paketi yoyambayo chifukwa inali ikufunsabe kuti mwini IP address imeneyo ndani. Magawo 7 a OSI aja (ndondomeko yofotokoza mmene uthenga umayendera pa netiweki), amene timaloweza ngati ndakatulo, ndinayamba kuwaona akugwira ntchito.

Vuto lake n'lakuti Packet Tracer imangotsanzira. Si rauta yeniyeni imene ili mkatimo, choncho malamulo ena ukawalemba imakana, ngakhale pa chipangizo chenicheni amagwira.

Apa ndi pamene GNS3 imaposa. Iyo inatuluka mu 2008, ndi yaulere, ndipo imayendetsa pulogalamu yeniyeni ya rauta mkati mwa laputopu yako. Chimene ungalembe pa rauta ya mu ofesi chimagwiranso pamenepa. Ukadina pa chingwe cholumikiza zipangizo ziwiri umatsegula Wireshark, pulogalamu yoonetsa zimene zikudutsa pa netiweki, n'kuona mapaketi enieni: SYN, SYN-ACK ndi ACK, moni wa katatu umene makompyuta awiri amapatsana pa TCP, ndondomeko yotumizirana deta, mbali iliyonse isanayambe kutumiza kanthu. Zimenezi zimakoma kuziona ndi maso.

Koma mtengo wake ulipo, ngakhale si wa ndalama. GNS3 siibwera ndi Cisco IOS, pulogalamu yoyendetsa ma rauta a Cisco, chifukwa imeneyo ili ndi laisensi. Mafayilo a IOS amene amayenda pa fulashi m'mahositelo ndi osaloledwa, ndipo sudziwa kuti fulashiyo yadutsa m'makompyuta angati. Njira yoongoka ndi kuika VyOS kapena MikroTik CHR, mapulogalamu a rauta a makampani ena, koma malamulo ake ndi osiyana ndi a Cisco amene mabuku ambiri a kosiyi amagwiritsa ntchito. Kuwonjezera apo, pa Windows amalangiza kuikanso GNS3 VM (kompyuta yoyerekezera yoyenda mkati mwa laputopu) kudzera mu VirtualBox kapena VMware, ndipo popanda RAM ya 8GB ukhala ukudikira kompyuta m'malo mophunzira. Ukaika ma rauta akale a Cisco n'kuiwala kukonza Idle-PC (nambala yothandiza kuti purosesa izipuma), purosesa imakwera mpaka 100%, fani n'kumalira, batire n'kutha msanga. Ndinaonapo mnzanga wa ku Chibavi akutha sabata yathunthu akulimbana ndi kuika pulogalamuyi, asanakonze VLAN (kagawo ka netiweki kopatulidwa pa switch) ngakhale imodzi. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa mayeso anali pafupi ndipo iye ankadziona ngati mbuli, pomwe vuto linali laputopu.

N'chifukwa chake ndimati GNS3 idikire mpaka utadziwa VLAN, static routing ndi OSPF (njira ziwiri zimene rauta imadziwira kopititsa mapaketi) pa Packet Tracer. Ukafika pamenepo, rauta ikavuta umadziwa ngati walakwitsa ndiwe kapena ndi makina.

Pali ziwiri zimene mapulogalamu onsewa sangakuchitire. Subnetting, kugawa netiweki m'magawo ang'onoang'ono, imafuna pepala ndi cholembera. Akakupatsa 192.168.1.0/24 kuti uigawe panayi, uyenera kudziwa wekha kuti ndi /26, kuti gawo lililonse lili ndi ma adiresi 64, ndipo 62 okha ndi amene ungapereke ku makompyuta. M'chipinda cha mayeso mulibe Simulation Mode. Chachiwiri ndi chingwe. Pa sikirini umangokoka mzere ndipo kagetsi kamasanduka kobiriwira, pomwe pa ntchito akupatsa chingwe cha Cat6, timitu ta RJ45 ndi chopanira, uyale mawaya 8 m'ndondomeko ya T568B kuyambira woyera wa mizere ya olenji mpaka wabulawuni. Sonkhanani anthu anayi kapena asanu, mugule chingwe cha mamita ochepa ndi timitu tambiri m'tauni, chifukwa toyamba mudzationonga ndithu.