Kodziyezera wekha, kubayitsa chala kapena labotale: nditsate iti mtima uli m'mwamba?

Funso limene anzanga amanditumizira pa WhatsApp, kawirikawiri pakati pa usiku, ndi limodzimodzi: kondomu inaphulika, kapena panalibe n'komwe, ndiye ndikayezetse kuti HIV kuti mtima ukhale pansi? Ena amatumiziratu chithunzi cha kachipangizo koonetsa mzere umodzi, akufuna ndiwauze kuti nkhani yatha. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi. Si ine dokotala, koma ndaperekezapo abale ndi anzanga kokayezetsa, ndipo pali njira ina imene ndili nayo chifukwa.

Njira zake ndi zitatu. Pali OraQuick, kachipangizo kopukutira m'nkhama kamene umadziyeza nako wekha. Pali kubayitsa chala kuchipatala kapena kumalo a uphungu. Palinso kupopetsa magazi a pamsempha ku labotale ya pulayiveti. Zonsezi zimagwira ntchito. Zimasiyana pa tsiku limene iliyonse imayamba kuona, ndipo ogulitsa sakonda kulikamba tsikuli.

Kachilombo ka HIV kakalowa m'thupi kamayamba ndi kuswana mosaoneka. Kenako m'magazi mumapezeka kachidutswa kake kotchedwa p24, ndipo pomalizira peni peni thupi limapanga asilikali olimbana nako otchedwa ma antibody. Bungwe loona za matenda la CDC la ku America limawerengera motere: PCR, imene imafufuza kachilombo keni keni, imakapeza pakati pa masiku 10 ndi 33, makina a ku labotale ofufuza p24 ndi ma antibody pamodzi, pakati pa masiku 18 ndi 45, zipangizo zofufuza ma antibody okha, pakati pa masiku 23 ndi 90. OraQuick ili m'gulu lomalizirali. Mukadziyeza nako mawa lake, muli ngati munthu wofukula phando dzulo atadzala kuti aone ngati chimanga chamera.

Ndisakanyoze kopitirira, chifukwa kachipangizoka n'kathu ndithu. Kafukufuku wina woyambirira woonetsa kuti anthu wamba angathe kudziyeza okha molondola anachitikira m'makwalala a Blantyre, ndipo pulojekiti ya STAR, imene inayamba mu 2015, inagawa zipangizozi ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lisanavomereze njirayi mu 2016. Abambo ambiri amene sangaponde pakhomo la chipatala ngakhale muwakoke ndi chingwe adziwa mmene alili chifukwa cha kameneka. Umapukuta nkhama zam'mwamba ndi zam'munsi, n'kuviika m'kabotolo, n'kuwerenga pakatha mphindi 20, osapitirira 40. Kwa munthu amene papita miyezi itatu chichitireni zokayikitsa, kapena amene wangokhala zaka osayezetsa, n'kabwino kwambiri.

Chimene chinandipweteka ndi ichi. Msuweni wanga zinamuchitikira Loweruka usiku. Lamulungu m'mawa anathamangira ku famase ina, n'kumufotokozera wogulitsa zonse, osabisa kanthu. Wogulitsayo anatsitsa kachipangizo pa shelefu, n'kulandira ndalama, n'kumuuza kuti akaona mzere umodzi ndiye kuti ali bwino. Mzere unatulukadi umodzi. Ukanatuluka bwanji wachiwiri pasanathe ndi tsiku lomwe? Mnyamata anapuma, n'kukagona. Pamene amadzandiuza ine, sabata inali itatha.

Chimene anafunika Lamulungu lija si kuyeza kokha ayi, anafunika PEP. Amenewa ndi ma ARV amene munthu wopanda kachilombo amamwa kwa masiku 28 kuti kachilombo kakanike kukhazikika, ndipo amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Kuyamba tsiku lomwelo ndiye bwino koposa. M'zipatala za boma ndi aulere. Wogulitsa uja anamva nkhani yonse ndi makutu ake, ndipo mawu amodzi okha, akuti "pitani kuchipatala lero", akanakwana. Sanawanene. Mtengo weniweni wa kachipangizo kaja unali maola 72 amene anatayika, kuphatikizapo miyezi itatu ya kusagona tulo. Mkati mwa miyezi imeneyi mnyamatayu anabwererabwerera ku famase yomweyo kukagula tina, ndipo nthawi zonse amamugulitsa mosekerera, osamufunsa kuti papita masiku angati. Anadzapezeka kuti alibe, koma umenewo unali mwayi wake, osati nzeru za wogulitsa.

Palinso zina zimene kapepala ka m'bokosi kamanena koma anthu sawerenga. Musadye kapena kumwa kanthu kwa mphindi 15 musanapukute. Amene akumwa ma ARV asadziyeze nako, chifukwa kangathe kuonetsa mzere umodzi pamene kachilombo kalipo, ndipo kusiya mankhwala chifukwa cha mzere umenewo ndi kudzikumbira manda. Pamene bungwe loona za mankhwala la FDA la ku America limakavomereza mu 2012, linanena kuti mwa anthu 12 amene ali nako n'kudziyeza okha, mmodzi kangamuphonye. Ndiye pali mchitidwe uwu wafala woti "tayezana, tisiye kondomu". Abale anga, munthu amene watenga kachilombo masabata awiri apitawo ndi amene ali nako kochuluka m'magazi ndiponso wopatsira msanga, koma ndi yemweyonso amene kachipangizoka kamamuonetsa mzere umodzi. Ndipo mizere iwiri si chigamulo: mpaka mukatsimikize kuchipatala.

Kubayitsa chala ndiye njira imene ine ndimaikonda, ndipo sindibisa. Pa nkhani ya masiku sikusiyana kwenikweni ndi kodziyezera, popeza nakonso kumafufuza ma antibody, ngakhale magazi amaonetsa msangako pang'ono kuposa madzi a m'kamwa. Amayamba ndi kapepala koyezera kotchedwa Determine. Kakaonetsa mizere iwiri amatsimikiza ndi kena kotchedwa Uni-Gold, ndipo kuchokera mu 2019 WHO imalangiza kuti zipangizo zitatu zosiyana zigwirizane munthu asanauzidwe kuti ali nako. Koma chimene mumapeza kumeneko, chimene bokosi silingakupatseni, ndi munthu wokufunsani kuti "zinachitika liti?" Akamva kuti ndi dzulo, akutumizani kwa PEP. Akamva kuti ndi masabata awiri, akuyezani kuti mudziwe mmene munalili kale, n'kukuuzani tsiku lobweranso. Akamva kuti zimachitika pafupipafupi, akukambirani za PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kachilombo amamweratu kuti asakatenge. Chindoko ndi chinzonono, zimene anthu amaziiwala maso ali pa HIV, azikumbukira ndi iwo. Zonsezi osalipira tambala.

Vuto lake tonse timalidziwa: mzere wautali, ndiponso mantha okumana ndi mayi a pa nyumba yoyandikana atakhala pa benchi lomwelo. Kwerani minibasi mupite dera lina. Palibe amakubwezani chifukwa simukhala komweko. Ku Lilongwe kuli Lighthouse pa Kamuzu Central ndi Martin Preuss pa Bwaila, ku Blantyre kuli Umodzi pa Queens, ku Zomba kuli Tisungane, ndipo chipatala chaching'ono chilichonse cha boma kapena cha CHAM chimayeza. Wamanyazi ayambe ndi kuimba 54747, Chipatala cha pa Foni.

Labotale ndi ya amene ali ndi ndalama ndipo sangathe kudikira miyezi itatu. Ngati akuyezanidi ndi makina ofufuza p24 pamodzi ndi ma antibody, zotsatira za pa tsiku la 45 n'zodalirika. Madokotala a ku Britain amawerengera tsiku lomwelo. Koma funsani dzina la chimene akuyezereni musanatulutse chikwama. Pali malo ena amene amakupopani magazi a pamsempha m'kabotolo, inu n'kumaganiza kuti apita ku makina, pamene kuseri akungodontheza pa kapepala komwe kaja ka ulere ka kuboma. Funsaninso ngati mtengo umene akutchulawo ukuphatikiza kuonana ndi dokotala ndi kupopa magazi, chifukwa pa risiti zimenezi zimakonda kutuluka pazokhapazokha. PCR ndi yodula, ndipo m'zipatala za boma ntchito yake yaikulu ndi kuyeza makanda obadwa kwa amayi amene ali ndi kachilombo ndiponso kuona kuchuluka kwa kachilombo mwa amene ali pa mankhwala. Mukaigula ku pulayiveti pa tsiku la 10 n'kupezeka mulibe, adzakuuzanibe kuti mubwerenso.

Zizindikiro musazidalire n'komwe. Kutentha thupi, zilonda zapakhosi, zidzolo ndi mwanabere zimatha kubwera pakatha masabata awiri kapena anayi, koma malungo ndi chimfine zimabweranso choncho, ndipo nkhawa payokha imatsegula m'mimba ndi kutulutsa thukuta usiku. Kusinika khosi pagalasi m'mawa uliwonse kumangotupitsa malowo.

Manthawo nthawi zambiri amaposa chiopsezo chenicheni. CDC imati pa kugonana kamodzi kopanda chitetezo ndi munthu amene ali nako ndipo sali pa mankhwala, mwa maulendo 10,000 mkazi amatenga pa maulendo pafupifupi 8, mwamuna 4; kugonana kodzera kumbuyo, wolowetsedwayo, ndi 138. Zilonda za kumaliseche zimakweza manambalawa. Ndipo ngati mnzanuyo amamwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaoneka m'magazi, sakupatsirani. Kafukufuku wa HPTN 052, amene mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre anatengapo mbali, anaonetsa mu 2011 kuti kuyamba mankhwala msanga kumachepetsa kupatsirana ndi 96 pa 100 alionse.

Ndiye mukandifunsa, ine ndimayamba ndi kukufunsani tsiku. Ngati maola 72 sanakwane, siyani foni, pitani kuchipatala, ngakhale ndi usiku kapena Lamulungu. Ngati apitirira, bayitsani chala tsopano, mulembe tsiku lobwereranso, ndipo pakadali pano kondomu isachoke. Amene mwamwa PEP, masiku oyezetsanso akuuzeni ndi amene anakupatsani mankhwalawo, poti mankhwala angachedwetse kuoneka kwa kachilombo. Labotale pa tsiku la 45 ngati thumba likulola. OraQuick isungeni mpaka mwezi wachitatu. Ikadzaonetsa mzere umodzi pamenepo koma tulo n'kumakanabe kubwera, musagule ina; pitani mukakhale pansi ndi aphungu, chifukwa chimene chatsala si cha m'magazi. Koma ku famase ija ine sindigulako kanthu, ngakhale Panado.