Zithunzi za masiteshoni akale a njanji: zabwino koma zolemba pansi musazikhulupirire

Zithunzizi ndikuzipatsa nyenyezi zitatu, ndipo yachitatuyo ndapereka chifukwa cha chithunzi cha Chiromo basi osati chifukwa cha mkulu wogulitsayu.

Ndinaoda seti ija ya zithunzi sikisi za mu felemu imene amaitsatsa pa Facebook, ya K48,000 ija, kuti ndikawapatse madala athu amene anagwirapo ntchito ku njanji kuyambira nthawi ya Nyasaland Railways mpaka anapuma ili Malawi Railways. Kufika zinafika bwinobwino, mochedwerako pang'ono koma zimenezo tinazolowera. Pepala ndi lolimba, kutsuka anatsuka bwino moti utsi wa sitima ya malasha ukuoneka bwinobwino, mafelemu ndi apakatikati, galasi lake lopyapyala.

Nkhani yagona pa chithunzi chimodzi chimene pansi pake analembapo kuti Lilongwe Station 1955. Madala angochigwira, kuvala magalasi, nkuyamba kuseka mpaka kutsokomola, akuti mwana wanga wagula bodza la mu felemu. Lilongwe 1955 sitima inachokera kuti? Njanji yakumpotoyi inafika pa Salima mu 1935 ndipo inathera pomwepo zaka zambirimbiri, katundu wa ku Lilongwe amatsikira pa Salima nkukwera malole. Ya ku Lilongwe inadzamangidwa ndi thandizo la dziko la Canada nkutsegulidwa mu 1979, kenako Mchinji 1980, nthawi imeneyo za malasha zitapita kale kukuyenda za dizilo. Ndiye sitima yofuka utsi pa siteshoni ya Lilongwe sizingatheke olo pang'ono. Iwo akuti mapiri akuoneka kumbuyowo ndi a ku Dedza ndipo malowo ngati si Mtakataka ndiye ndi Golomoti, anayang'ana thanki yamadzi ndi mmene njanji yakhotera.

Ndinamulembera mkuluyo pa WhatsApp mwaulemu ndithu, kuti achimwene apa pali cholakwika, tikonzereni kapepala kapansika. Anawerenga, ma tiki abuluu, zii. Nditaimba foni ndiye akuti "bwana zithunzi zakalezi zimangofanana, ine ndimalemba dzina limene anthu amalikonda, Mtakataka angagule ndani." Eti! Ndiye kuti akudziwa zimene akuchita, si kulakwitsa ayi, ndi dala kuti anthu a ku Area 47 apachike pa khoma nkumanamiza alendo awo. Ndati chabwino ndibweze chimodzicho, akuti seti sitiphwasula, komanso transipoti ikhala yanga. Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni chifukwa ndalama anailandira mwachangu pa Mpamba osafunsa kawiri, koma kusintha kapepala kamodzi yakhala nkhani ya ku khoti. Ndipo pa peji pake pakadali chomwecho mpaka lero, Lilongwe 1955, anthu akuikapo timitima. Mxii.

China analemba Nsanje 1940 pamene chikwangwani cha pa siteshoni mu chithunzimo chikuonekeratu kuti Port Herald, izi sindikudandaula kwambiri poti malo ndi amodzi omwewo, dzina linasintha titalandira ufulu, koma munthu wogulitsa mbiri bwenzi atalemba onse awiri kuti ana adziwe.

Komabe chilungamo ndinene, zithunzi za masiteshoni akumunsi kum'mweraku ndi zenizeni ndipo sindikudziwa anazitola kuti. Luchenza, Sankhulani, Chiromo. Njanji imeneyi ndi yoyamba m'dziko muno, Shire Highlands Railway, inafika mu Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi usanathe mu 1935 anthu opita ku Beira amatsika nkuoloka mtsinje pa sitima ya pamadzi. Pa chithunzi cha Chiromo pali kanyumba ka malata kokhala ndi khonde, azimayi atakhala pansi ndi madengu, mwamuna wina wa kabudula woyera atanyamula mbendera, injini itaima pansi pa thanki ikumwa madzi. Madala anakhala nacho pamiyendo madzulo onse, nsima mpaka kuzizira, akufotokoza mmene fayamani amathiramo malasha ndi fosholo osapuma pokwera kuchokera kuchigwa kutsata Ruo kudzera Sandama, kutentha kwa ku Shire kuphatikiza moto wa mu injini, malaya amachita kufinya. Akuti pa masiteshoni ang'onoang'ono amenewa sitima ikaima mudzi wonse umabwera, nthochi, nzimbe, nsomba zouma kugulitsira pa windo, ndipo anthu amadziwa nthawi ndi kulira kwa sitima. Zinthu zimenezi sanatiuzepo chikhalire, ife timangodziwa kuti ankagwira ku Limbe basi.

Ndipo mukaganiza kuti chichokereni madzi osefukira a 1997 amene anadula njanji pakati pa Makhanga ndi Bangula, paja pa Mtayamoyo anthu anayamba kuoloka pa bwato, ana ambiri a kumeneko akula osaonapo sitima ikudutsa pa Chiromo, ndiye chithunzi ngati chimenechi si chokongoletsera pa sitingirumu chabe. Nchifukwa chake zolemba zabodzazo zikundiwawa kwambiri, akanakhala kuti akugulitsa zithunzi za maluwa bwenzi ndilibe nazo ntchito.

Kapepala ka Lilongwe ndinakamatula ndekha ndi lezala kumbuyo kwa felemu, misomali yake ndi yofewa imachoka ndi mpeni wa patebulo. Panopa palibe dzina, madala akuti adikira mnzawo wina wa ku Balaka amene anali gadi wa sitima adzagamule ngati ndi Golomoti kapena Mtakataka, akangana kale pa foni.

Mukafuna kugula gulani, makamaka za kumunsizo, koma muuzeni akutumizireni kaye zithunzizo pa foni muwaonetse akuluakulu amene anakwerapo sitima ya malasha, ndipo muuzeni asalembepo kanthu pansi. Ndamva kuti ali ndi seti ina ya Limbe yokhala ndi mashedi a injini, mwina ndidzaoda mwezi ukatha, koma ndidzatuma mlamu wanga chifukwa ine ndi mkulu ameneyu sitingayankhulanenso bwino.