GMAT kapena GRE: Mulembe Ati Pofuna Malo a MBA?

Anzanga amene mukufuna kukachita MBA (digiri ya masitazi ya kayendetsedwe ka bizinesi) ku Harvard, ku Wharton, ku INSEAD kapena ku London Business School, musanafike n'komwe pa zolemba makalata ndi zokonzekera intavyu, pali mphambano yofunika kusankhapo njira: mayeso olowera a GMAT kapena a GRE. Masukulu onsewa amalandira mayeso onse awiri, ndipo zotsatira zake zimakhala ndi mphamvu kwa zaka 5. Koma mayesowa sagwira munthu malo amodzi, ndipo zimandipweteka kuona wina akutha miyezi akuwerengera mayeso osamuyenera chifukwa chongomva kuti mnzake analemba amenewo.

GMAT imakonzedwa ndi bungwe la GMAC, ndipo inapangidwira masukulu a bizinesi basi. Mtundu wake watsopano unayamba kumapeto kwa 2023. Amakupatsani maola 2 ndi mphindi 15, zigawo zitatu za mphindi 45 chilichonse: masamu mafunso 21, Chingerezi 23, ndi Data Insights (kumasulira matebulo ndi magilafu) 20. Malikisi amayambira pa 205 kulekeza 805. Musadabwe mukaona manambala otsika kuposa amene akuluakulu anu ankatchula, chifukwa 645 ya lero ikufanana ndi 700 yakale. Chimangirizo anachichotsa, jometile anaichotsanso.

GRE ndi ya bungwe la ETS. Kuyambira September 2023 imatenga ola limodzi ndi mphindi 58. Muli chimangirizo chimodzi cha mphindi 30, mafunso 27 a Chingerezi ndi 27 a masamu, ndipo mbali ziwirizi amazichonga payokhapayokha, kuyambira 130 mpaka 170.

Ambiri amathamangira ku GRE pomva kuti masamu ake ndi ofewa. Zoona zilimo: amakupatsani kalikyuleta pa kompyuta pomwepo, pamene pa chigawo cha masamu cha GMAT mumawerengera pamutu ndi papepala. Koma chimene sakuuzani n'chakuti GRE imabisa minga yake m'Chingerezi. Imakupatsani chiganizo chosowa mawu, n'kukuikirani mawu ngati "laconic" kapena "obdurate" kuti musankhepo. Ife amene Chingerezi tinachiphunzira m'kalasi, n'kumachigwiritsa ntchito m'malipoti a kuofesi, mawu otere sitikumana nawo ngakhale titagwira ntchito zaka 10. Ngati liwu simulidziwa, nzeru zanu zonse zimangoima. Muyenera kuloweza mawu mazanamazana, ndipo imeneyi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, osati ya mlungu womaliza.

Chingerezi cha GMAT sichifunsa kuti mukudziwa mawu angati. Chimakupatsani mfundo ya munthu wina n'kukufunsani kuti yafooka pati, kapena chingailimbitse n'chiyani. Munthu amene anazolowera kuona chiwerengero chokayikitsa m'mabuku a ndalama, kapena kutsutsa pulani pamsonkhano, apa ali kwawo. N'chimodzimodzi Data Insights, yodzala matebulo ndi magilafu, pomwenso kalikyuleta amalola. Nchifukwa chake kwa akawuntanti, mainjiniya ndi ogwira ntchito kubanki ine ndimati GMAT, mosazengereza.

Komabe GMAT ili ndi khalidwe limene si aliyense angalipirire. Funso lililonse limabwera potengera mmene mwayankhira lapitalo, ndiye simungalumphe. Muyenera kuyankha kaye kuti lina lituluke. Nthawi ikatsala mungabwerere, koma mungasinthe mayankho atatu okha pa chigawo. Ngati ndinu munthu amene funso limodzi likakukanikani mtima umayamba kuthamanga, ganizani kawiri. GRE imakulolani kudumpha funso, kuchita ofewa kaye, n'kubwereranso m'chigawo chomwecho monga tinkachitira pa mayeso a MSCE. Kwa ena ufulu umenewu wokha umaposa vuto la kuloweza mawu.

GRE ili ndi mwayi winanso. Ngati mtima sunakhazikike pa MBA, mwina mukuganizanso za masitazi ya zachuma kapena ya kayendetsedwe ka boma, GRE imalandiridwa konseko. Ndalama zolembetsera zimalipidwa m'madola, ndipo tonse tikudziwa mmene dola imasowera kwathu kuno, choncho mayeso amodzi otsegula makomo angapo si chinthu chochepa. Amene maso anu ali ku South Africa, funsani kaye sukulu imene mukufuna, pakuti ena kumeneko amalandira mayeso ena otchedwa NMAT, omwenso ndi a GMAC.

Mukalakwa, GMAT mungabwereze pakatha masiku 16, GRE pakatha 21, onse awiri osapitirira kasanu pa miyezi 12. Onse awiri mungathenso kulembera kunyumba pa intaneti, koma ndikupempheni: ngati kwanuko magetsi amathimathima kapena netiweki imadukaduka, pitani kumalo olembera mayeso, ngakhale ulendo utalike.

Musanagule buku lililonse, chitani ichi. GMAC imapereka mayeso oyeserera awiri aulere, ETS nayo ili ndi ake aulere otchedwa POWERPREP. Lembani a GMAT Loweruka lino, a GRE Loweruka linalo, mutatseka chitseko, foni ili kutali, wotchi ikuyenda. Mukamaliza musangoyang'ana malikisi. Pafunso lililonse limene mwalakwa, lembani ngati lakukanikani chifukwa cha liwu losadziwika, masamu oiwalika, kapena nthawi kutha.