Amisiri akachoka: kamera, loko wa manambala kapena kusintha silinda?

Anzanga akhala akundifunsa chochita pamene pulambala, wamagetsi kapena opaka penti amaliza ntchito, koma kiyi wa nyumba anagona m'manja mwawo. Sindikuti amisiri ndi akuba ayi, ambiri ndi anthu okhulupirika ofuna kudyetsa ana awo. Koma mmisiri sabwera yekha. Amabwera ndi omuthandiza, wina mwina wamupeza m'mawa womwewo, ndipo kiyi akangochoka pamaso panu simudziwa kuti wagwiridwa ndi angati. Kudulitsa kiyi wina kumatenga mphindi zochepa, ndipo munthu wodziwa ntchitoyo angathe kumudula poyang'ana chithunzi chooneka bwino cha pafoni. Kuti akubwezerani kiyi wanu sizitanthauza kuti muli naye nokha.

Kamera ndiyo anthu amathamangira, ndipo ndiyo inandiwawa. Ndinagula yaing'ono ya WiFi yoonera pafoni. Pabokosi analemba kuti imajambula usana ndi usiku, ndiponso imatumiza uthenga munthu akadutsa. Zonsezi zinali zoona m'nthawi yoyeserera yaulere. Itatha nthawiyo kamera sinasinthe maonekedwe: kanyale kake kakuphethirabe, mauthenga akubwerabe, ine mtima uli m'malo. Tsiku lina okonza denga atachoka ndinapeza kabokosi kanga ka zida palibe. Ndinatsegula pulogalamu ija kuti ndione za masanawo, ndipo inandiuza kuti ndilipire kaye, osati kamodzi, koma mwezi ndi mwezi. Ngakhale ndikanalipira pomwepo, za tsikulo zinali zisanasungidwe paliponse. Za malipirowa zinalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono kunsi kwa bokosi, ndipo wogulitsa sanazitchule n'komwe. Chimandipweteka kwambiri n'chakuti sindinadziwe amene anatenga, ndiye ndinayamba kukayikira onse, kuphatikizapo mkulu wawo amene anandigwirira ntchito yabwino.

Makamera olowetsa memore khadi alibe msampha umenewu, koma wakuba akazula kamerayo khadi yapita nayo limodzi. Ndipo kamera, kaya ikhale yotani, siletsa munthu kutsegula chitseko.

Kabokosi kosungiramo kiyi kokhomera pakhoma panja sindikawerengera, chifukwa kiyi amathera m'manja omwewo.

Loko wa manambala ndiye ali ndi nzeru yeniyeni. Mmisiri mumam'patsa nambala yakeyake, ntchito ikatha mumaifufuta, ndipo maloko ena amasunga nthawi imene aliyense analowera. Nambala ya madijiti anayi ingakhale iliyonse mwa 10,000, choncho kulota n'kovuta pokhapokha mutaika 1234 kapena chaka chanu chobadwa. Kuipa kwake ndi mtengo, mabatire amene amatha, komanso kuti nambala imayenda msanga kuposa kiyi, uthenga umodzi wapafoni basi yafika kwa wina. Mukaiwala kuifufuta ndiye kuti mwangotaya ndalama. Kwa amene panyumba pawo pamabwera antchito sabata ndi sabata, loko ameneyu ndi woyenera.

Kwa enafe, ine ndimaima ndi kusintha silinda, kachitsulo kaja kamene kiyi amalowamo. Maloko ambiri amakono amatsatira njira ya timapini imene Linus Yale Jr. anaikonza m'zaka za m'ma 1860, ndipo chinsinsi chonse cha kiyi chili m'silindamo, osati m'loko yense. Pa maloko a mtundu wa euro, aja amene silinda yake imaonekera mbali zonse ziwiri za chitseko, silinda imagwidwa ndi sikuluwu imodzi yaitali ya m'mphepete mwa chitseko. Mumaimasula, n'kulowetsa kiyi, kum'potoza pang'ono, n'kukoka, silinda yatuluka. Pogula yatsopano yezani mbali zonse ziwiri kuchokera pabowo la sikuluwu, chifukwa ikatulukira kunja kupitirira mamilimita 3 mbava zimaigwira ndi chopanira n'kuithyola. Ngati mungathe, tengani yopangidwa kuti isathyoledwe motero, kapena imene kiyi wake sadulidwa popanda kuonetsa khadi la mwini wake.

Ine ndimasunga masilinda awiri. Ina ndi ya amisiri: ndimaiika ntchito ikamayamba, n'kuwapatsa kiyi wake ndi mtima woyera, ndipo akamaliza ndimabwezeretsa yathu. Palibe kukayikira munthu, palibe kulipira mwezi ndi mwezi. Maloko akale a kiyi wamtali alibe silinda, amenewo mumasintha loko yense kapena kuitana wokonza maloko.

Palibe mwa zitatuzi chimene chingatseke zenera la kubafa limene opaka penti analitsegula kuti fungo lituluke. Madzulo a tsiku lomwelo zungulirani nyumba, gwedezani zenera lililonse ndi chitseko chakuseri, werengani makiyi apadera pamene mumawapachika, ndipo ngati munawapatsa pasiwedi ya WiFi isintheni, makamaka ngati kamera kapena loko wanu amadalira WiFi yomweyo.