Lamulo la magawo atatu kapena kuika pakati: njira iti yojambulira zithunzi?

Lamulo la magawo atatu, lomwe John Thomas Smith, katswiri wa zojambulajambula wa ku England, analilemba mu 1797, limagawa chithunzi ndi mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa, ndipo chinthu chofunika chimaikidwa pomwe mizereyo yadutsana. Njira inayo ndi yoika munthu kapena chinthucho pakati penipeni.

Pa mtengo palibe kusiyana, chifukwa mafoni a iPhone ndi Samsung ali kale ndi mizere imeneyi m'kamera, ndipo imangofunika kuyatsa.

Kuika pakati n'kosavuta ngakhale kwa woyamba kumene.
Magawo atatu amafuna kuti wojambula ayambe waganiza asanadine.

Kusiyana kwakukulu kuli pa zotsatira. Pojambula dzuwa likutuluka panyanja ku Salima, mzere umene madzi amakumana ndi thambo ukakhala pakati, chithunzi chimaduka pawiri ndipo diso limasowa poyambira; ukautsitsa pa mzere wam'munsi, mitambo imapeza malo, ndipo bwato loikidwa chakumanzere, litaloza kumanja, limaoneka kuti lili ndi kopita. Komabe nkhope yoyang'ana kamera, kapena nyumba yofanana mbali zonse ziwiri, imaoneka yamphamvu ikakhala pakati, ndipo ndimaona kuti kuikankhira pambali chifukwa cha lamulo chabe n'kuiwononga.

Chithunzi choika pakati chimapirira kudulidwa mozungulira, monga chithunzi chokuzindikiritsa (profile) pa WhatsApp, pomwe chapambali chimatha kutaya khutu kapena phewa.

Ojambula malo, masewero ndi anthu ali pantchito apindula ndi magawo atatu. Ojambula katundu wogulitsa ndi zithunzi za ziphaso aziika pakati.