Facebook, WhatsApp Business kapena LinkedIn: wopanga mawebusayiti mu Blantyre adalire chiti?

Aliyense amene amapeza chakudya popanga mawebusayiti mu Blantyre muno anafunsidwapo funso ili, kaya ndi mwini sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe kaya ndi mayi wa sukulu ya mkaka ku Chilomoni: "Achimwene, peji ya Facebook ndili nayo kale, nanga webusayitiyo ndi ya chiyaninso?" Funsoli si lachipongwe, chifukwa masamba a mchezo amene ife timasakirapo makasitomala ndi omwewonso amene akulimbirana nafe msika. Choncho posankha poika nthawi yathu ndi ndalama zathu zochepazo, si bwino kungotsata zimene anzathu a ku Johannesburg kapena London akuyamikira. Kuno kwathu zimene zimalamula ndi ziwiri: mtundu wa bandulo imene ili mu foni ya munthu amene tikumufunayo, ndi mtundu wa ndalama imene chipangizo chimene tasankha chimafuna kwa ife mwezi ukatha.

Ndiyambe ndi Facebook, poti khamu lili kumeneko. Peji ya bizinesi imatsegulidwa ulere, ndipo popeza Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo otchipa a masamba a mchezo okha, anthu ambiri amene sangakwanitse bandulo ya intaneti yonse amapezekabe pa Facebook tsiku ndi tsiku. Mwayi umenewu ndi waukulu kwa wogulitsa nsapato kapena makeke, amene amangoika chithunzi ndi mtengo, koma kwa ife muli msampha, chifukwa katundu wathu amaoneka pokhapokha munthu atadina linki ndi kutuluka mu Facebook. Amene ali ndi bandulo ya Facebook yokha akadina linki ya webusayiti imene mwangomaliza kumene, tsambalo silitseguka kapena limayamba kudya mayunitsi ake, ndipo iye saganiza n'komwe za bandulo, amangoti webusayiti imene mwapangayo ndi yakufa. N'chifukwa chake ntchito yathu iyenera kuonetsedwa momwemo mu Facebook: zithunzi za tsambalo monga limaonekera pa foni, kapena kanema wamfupi wojambula pamene chala chikuyenda pa tsambalo kuchokera pamwamba mpaka pansi, linki n'kubwera pambuyo kwa amene ali ndi bandulo yokwanira.

Vuto lachiwiri la Facebook ndi lakuti kukhala ndi anthu ambiri otsatira peji sikutanthauza kuti onsewo aziona zimene mwalemba. Mu Januwale 2018 Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, analengeza kuti Facebook iziika patsogolo zolemba za abale ndi abwenzi kusiyana ndi za mapeji a bizinesi, ndipo njira imene kampaniyi imatilozera kuti tifikire anthu ochuluka ndi yolipira, imene ambiri timangoiti boost. Boost imagwiradi ntchito, makamaka mukasankha bwino dera ndi msinkhu wa anthu, monga a mu Blantyre ndi Limbe okha m'malo mwa dziko lonse. Koma imalipiridwa m'ndalama zakunja kudzera pa khadi la Visa kapena Mastercard, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zakhala zikuvutira m'mabanki athu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali atalonjeza kasitomala zotsatsa za madola 100 atawerengera K118,000 anadzuka m'mawa akufunika K170,000 pa ntchito yomweyo, osawerengera zimene banki imadula.

WhatsApp Business, imene inatuluka mu Januwale 2018, ndi ya mtundu wina, ngakhale mwini wake ndi yemweyo, poti Facebook inagula WhatsApp mu 2014. Pulogalamu ya pa foniyi ndi yaulere, ndipo m'kuona kwanga ndi imene imagwirizana kwambiri ndi mmene Amalawi timachitira malonda, chifukwa ambiri safuna kudzaza fomu ndi kudikira imelo, amafuna kulankhula ndi munthu, kunenerera mtengo ndi kumva mawu ake. Mu Catalog, gawo loonetserapo malonda m'pulogalamuyi, mukhoza kuika mitundu ya ntchito zanu, monga webusayiti ya masamba asanu, ya malo ogona alendo kapena ya sukulu, iliyonse ndi zithunzi zake ndi mtengo woyambira, ndipo zonsezi zimatseguka ndi bandulo ya WhatsApp yomweyo. Pali mayankho osungiratu amene amatuluka mukangolemba chizindikiro cha /, ndipo amenewa amapulumutsa nthawi pa mafunso obwera mobwerezabwereza, monga kusiyana kwa domeni (adiresi ya webusayiti) ndi hosting (malo osungirako webusayitiyo pa intaneti) kapena chifukwa chimene zimalipiridwa chaka ndi chaka. Palinso zizindikiro zamitundu zoika pa macheza, zimene zimathandiza kusiyanitsa amene wangofunsa mtengo, amene walandira kotesheni, amene walipira theka pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi amene domeni yake yatsala pang'ono kutha. Kwa munthu amene akugwira yekha ntchito m'kachipinda ka ku Ginnery Corner kapena kunyumba ku Ndirande, zimenezi zimalowa m'malo mwa mlembi amene sangathe kumulipira.

Chofooka cha WhatsApp n'chakuti siyikupezerani munthu wachilendo. Status imaonedwa ndi okhawo amene munasungirana manambala, ndipo imafufutika pakatha maola 24. Mndandanda wotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri umalola anthu 256, komanso uthengawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, kotero kutola manambala m'magulu a mpingo kapena a ophunzira akale n'kuyamba kuwatumizira zotsatsa sikupindula kanthu, ndipo anthu akadandaula mochuluka nambala ikhoza kutsekedwa pamodzi ndi macheza onse a makasitomala anu. Tingati Facebook ndi woitanira pa siteji ya minibasi ndipo WhatsApp ndi kondakitala: wina amakuwa kuti anthu akwere, koma ndalama zimatoleredwa ndi winayo galimoto ili pamsewu. Chimene chimalumikiza awiriwa ndi linki ya wa.me yotsatiridwa ndi 265 ndi nambala yanu yopanda ziro woyambirira, imene imatsegula macheza popanda munthu kusunga nambala. Linki imeneyi ndi yoyenera kukhala pa peji yanu, pansi pa webusayiti iliyonse imene mwapanga ngati mwini wake walola, komanso pa mawebusayiti a makasitomala ndi nambala zawo, poti batani la WhatsApp ndi limene anthu athu amathamangira kusiyana ndi fomu. Chenjezo laling'ono ndi la zithunzi: WhatsApp imazipanikiza kuti zichepe, choncho logo kapena zithunzi zoika pa webusayiti muziwapempha makasitomala kuti azitumiza ngati document.

LinkedIn, imene Microsoft inagula mu 2016, ili ndi anthu ochepa kwambiri kuno poyerekeza ndi ziwiri zinazi, ndipo mabandulo otchipa aja a Facebook ndi WhatsApp sayitsegula. Koma kuchepa kwa anthu sikuyenera kutinyenga, chifukwa Blantyre ndi mzinda wa malonda kumene kuli Malawi Stock Exchange, malikulu a National Bank, FDH, NBS, NICO ndi Press Corporation, komanso Illovo ku Limbe, ndipo akuluakulu oona zotsatsa malonda ndi za makompyuta m'makampani otere, pamodzi ndi a m'mabungwe omwe si aboma, amapezeka pa LinkedIn ali pa intaneti ya ku ofesi. Ntchito imodzi yochokera kumeneko ikhoza kuposa mawebusayiti angapo a masitolo. Komabe khomo limeneli sililowedwa ndi zithunzi zokongola zokha. Amafunsa chikalata cholembetsera bizinesi, TPIN yochokera ku MRA, nthawi zambiri chikalata chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, ndi akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesiyo. Amayerekeza makotesheni a anthu angapo, amadula msonkho asanalipire, ndipo malipiro amatha kutenga milungu ingapo invoisi itaperekedwa. Wongoyamba kumene amene akudikira theka la malipiro kuti agule bandulo ndi kulipira lendi sangakhalire LinkedIn yokha. Ine ndimaiona ngati malo oikapo ntchito ziwiri kapena zitatu zimene zinatuluka bwino kwambiri, ndi kufotokoza m'Chingerezi chomveka vuto limene kasitomala anali nalo ndi mmene linathera, kamodzi kapena kawiri pa mwezi, osati malo othera tsiku.

Za Instagram ndi TikTok ndinene mwachidule kuti zimathandiza kwambiri makasitomala athu ogulitsa zovala, zakudya ndi zokongoletsa pa ukwati kuposa mmene zimathandizira ife, ndipo makanema amadya bandulo kwa woika ndi woonera yemwe. Google Business Profile ndiyo yosayenera kuiwala, chifukwa ndi yaulere ndipo imaonetsa bizinesi pa Google Maps. Ili ndi phunziro limene lingathandize poyankha funso la makasitomala lija loti webusayiti ndi ya chiyaninso: Google inkapereka timawebusayiti taulere kudzera m'njira imeneyi, koma mu Malichi 2024 inatitseka tonse, ndipo amene anasindikiza maadiresi amenewo pa zikwangwani ndi pa makhadi anatsala ndi maadiresi osagwira ntchito. Domeni yolembetsedwa m'dzina la mwini bizinesi, kaya ya .com kaya ya .mw, imakhalabe yake malinga akulipira, ndipo akhoza kusamuka nayo kupita kwa wina wosunga mawebusayiti.

Tsopano za zipangizo zokonzeratu zolemba kuti zizituluka zokha pa nthawi yake, zimene kwa ife si zongosangalatsa ayi, chifukwa ndi kuthimathima kwa magetsi munthu amafuna kukonza za mlungu wonse pamene laputopu ili ndi moto. Zotchuka ndi zitatu: Meta Business Suite, Buffer ndi Hootsuite. Meta Business Suite inayamba mu 2020 ndi dzina la Facebook Business Suite, ndi yaulere, imakonzeratu zolemba za Facebook ndi Instagram, imasonkhanitsa mauthenga ndi ndemanga malo amodzi, ndipo imaonetsa chiwerengero cha anthu amene afikiridwa, chimene chimathandiza polemba lipoti la pa mwezi kwa kasitomala. Malire ake ndi akuti imathera pa masamba a Meta okha, kampani imene ndi mwini wa Facebook ndi Instagram. LinkedIn, TikTok ndi X (imene kale inali Twitter) siziyendetsedwa mmenemo. Buffer ndiyo imadutsa malire amenewo, chifukwa imalumikiza masamba a makampani osiyanasiyana, ndipo gawo lake laulere limalola masamba atatu, lililonse ndi zolemba khumi zodikira nthawi yake. Kwa bizinesi yanu yokha zimenezi n'zokwanira: Facebook, LinkedIn ndi china chimodzi. Mukangoyamba kuyendetsa masamba a makasitomala awiri kapena atatu, gawo laulere limatha, ndipo Buffer imalipiritsa m'madola pa tsamba lililonse lolumikizidwa.

Hootsuite, ya ku Vancouver m'dziko la Canada, ndi yakale pa zitatuzi poti inayamba mu 2008, ndipo ili ndi zambiri zothandiza gulu la antchito angapo amene amayenera kuvomerezana zolemba zisanatuluke. Koma inathetsa gawo lake laulere mu 2023, ndipo pa nthawiyo mtengo wotsika unali madola 99 pa mwezi, zimene pa K1,700 zikupitirira K168,000 mwezi uliwonse musanapeze n'komwe kasitomala. Sindikuona chifukwa chimene bizinesi ya munthu mmodzi kapena awiri mu Blantyre ingalipirire zimenezi, pokhapokha itapeza kontrakiti ya bungwe limene limalipira m'madola ndipo likufuna malipoti a mtundu umenewo. Chinanso choyenera kudziwa n'chakuti Buffer ndi Hootsuite siziika Status ya WhatsApp, kumene makasitomala athu ambiri amaonera zinthu, choncho ntchito imeneyo imatsalabe ya pamanja ngakhale mutalipira.

Pali mfundo ina imene imandichititsa kukondera Meta Business Suite poyendetsa mapeji a anthu ena, ndipo ndi ya umwini wa peji. Chizolowezi chofala n'chakuti kasitomala amangopereka pasiwedi ya Facebook yake, kapena wopanga webusayiti amatsegula peji ya kasitomala pa akaunti yake ya iye mwini, ndipo tsiku limene awiriwa asemphana pa malipiro, pejiyo imasanduka chikole. Meta Business Suite imalola mwini bizinesi kukhalabe mwini peji n'kukupatsani chilolezo cha ntchito zina zokha, monga kulemba, kuyankha mauthenga kapena kutsatsa, chimene akhoza kuchotsa mgwirizano ukatha. Izi zimateteza inunso, chifukwa m'mauthenga a peji mumakhala manambala ndi nkhani za anthu, ndipo dziko lino lili ndi malamulo okhudza zimenezi, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndi Data Protection Act ya 2024.

Ngati kasitomala akufunabe boost kapena chipangizo cholipira monga Buffer kapena Canva Pro yokonzera zithunzi, njira yabwino ndi kugawa kotesheni pawiri. Ntchito ya manja anu ilembedwe m'makwacha, pamene zonse zogulidwa kunja, kuphatikizapo hosting ndi domeni ya .com, zilembedwe padera m'madola ndi mawu omveka akuti zidzawerengedwa pa mtengo wa banki wa tsiku lolipira. Kumene kuli kotheka, khadi lolipirira zotsatsa likhale la kasitomala mwini wake pa akaunti yake yotsatsira, inu n'kungopatsidwa chilolezo choyendetsa, kuti banki ikakana kutulutsa madola mwezi umenewo nkhaniyo ikhale pakati pa iye ndi banki yake.